Funso la Nambala Seveni

Kuno ku Calama fumbi silinena odi.
Lalowanso pa zenera, lakhala pa kope langa.
Ndapukuta ndi mkono wa juzi,
samu yatsala pomwepo, yanditong'olera maso.

Akuti bwalo lina, kaya la yani,
mulifupi mwake mwaperewera mamita atatu pa mulitali,
ndipo kukula kwake konse ndi khumi.
Pezani mulitali.
Ndautcha x, monga amachitira Mayi Oyarzún,
ndaswa samu pawiri, ndaitsekera m'makola awiri,
ndafufuta, ndafufutanso,
mpaka pepala lapyapyala ngati khoko la anyezi.
Kenako mayankho atuluka awiri, mapasa osafanana:
faifi, ndi thuu wa kunsi kwa ziro.

Wachiwiriyo mutayeni, amatero aphunzitsi,
palibe bwalo lalifupi kuposa ziro.
Koma nayenso wachokera m'samu yomweyi,
sananame, sanabere.
Ndamudula ndi mzere wopepuka
kuti azionekabe.

Tsopano kemisitiri, funso la nambala seveni.

Chitseko chalira. Bambo afika,
masiku asanu ndi awiri a ku mgodi ali m'mapewa,
nsapato asiya pakhomo, zayera ngati zagwera mu ufa.
Athira tiyi, ang'amba buledi wadzulo,
akhala moyang'anana nane
nkumawerenga kope langa chozondoka.

Kumanzere maatomu a mkuwa ndi awiri,
agwirana ndi sulufule mmodzi.
Kumanja mkuwa ndi mmodzi yekha.
Wina wathawira kuti?
Ndaika thuu patsogolo pake, sikelo yakhazikika,
muvi wapakati wapuma.

Nanga pa magalamu 160, mkuwa utuluka wochuluka bwanji?
Kalukuleta yafa batire kuyambira Lachiwiri,
ndawerengera m'mphepete mwa tsamba,
64 kawiri, kunyamula wani,
128.

Bambo aseka, tiyi wawatsamwa.
Maite, pepala lakoli ndi lolemera, atero.
Miyala imene ndimasenza ine pa chigalimoto chija,
matayala ake otalika kuposa denga lino,
pa matani zana
mkuwa sukwana ngakhale tani imodzi.
Zotsalazo ndi phiri lija umaliona popita ku sukulu.
Tinaliunjika ndife.

Ndawauza kuti funso ili ndi la mwala wosankhidwa kale,
wopanda zinyalala.
Ati mwala wotero sanakumanepo nawo,
ndikaupeza ndiwapatse moni wake.

Aloza ndi chala chong'aluka, chikhadabo chakuda:
Nanga uyu, wa S, amathera kuti?
Amakwatirana ndi mpweya, ndatero, nkuuluka.
Palibe chimatayika, Mayi Oyarzún amatero,
maatomu amangosintha pokhala.

Agwedeza mutu.
Atsokomola kawiri, chifuwa chija cha chaka chino,
chouma, chochokera pansi.
Ndayang'ana pa kope.
Sindinafunse kuti fumbi la zaka makumi awiri
linasamukira kuti.

Panja galu wa a Huanca akuuwa sitima
imene imatsikira ku nyanja usiku ndi mapale a mkuwa.
Mufiriji mukung'ung'udza.
Mlongo wanga Benjamín walankhula kutulo, watchula mpira.

Bambo anasiya sukulu asanafike pa ma x,
koma atenga pensulo yanga, aisongola ndi mpeni wa buledi,
pang'onopang'ono, nsonga ngati singano,
zinyenyeswa azisonkhanitsa m'dzanja
poti amayi atangosesa.
Lemba bwino eyitiyo, akuoneka ngati firii.

Ndamulemba bwino.
Ndadula mizere iwiri kunsi kwake,
ndawonjeza g, chifukwa nambala yamaliseche
Mayi Oyarzún amaichotsera theka la malikisi.

Podzutsa mutu ndapeza agona pampando,
kapu ikadali m'manja, yapendekeka pang'ono.
Ndaichotsa osawadzutsa.
Nthawi yapitirira leveni,
fumbi layambanso kutera pa tsamba,
ndipo funso la nambala eyiti lili ndi a, b ndi c.